Mmene mungasonkhetsere ndalama zothandizira laibulale ya pa yunivesite

Pa 18 Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku oposa 40,000 anathera pomwepo. Nkhaniyi itamveka, thandizo linachokera kutali ndi pafupi, mpaka ophunzira zojambula mapulani a nyumba a ku Virginia Tech ku America anakhala pansi n'kujambula pulani ya laibulale yatsopano. Pamoto sipavuta kupempha, chifukwa phulusa aliyense amadzionera yekha.

Kovuta ndi kupempha thandizo la laibulale imene makoma ake ali chiimire. Denga likudontha pakona pamene pali mabuku a zamalamulo, buku limene kalasi yonse ikulimbirana linasindikizidwa ophunzirawo asanabadwe, magetsi akazima intaneti nayonso yapita, ndipo wophunzira wa masters akulemba kafukufuku wake podalira zimene mnzake wa ku Pretoria wamutumizira pa WhatsApp. Zoterezi sizituluka m'nyuzipepala. Bajeti ya yunivesite ikachepa, malipiro sangadikire, madzi ndi magetsi sizingadikire, koma mabuku amadikira, chaka chino ndi chamawa chomwe.

Malangizo awa ndi a inu amene mwatopa n'kudikirako: ophunzira akale, aphunzitsi, ogwira ntchito m'laibulale, kaya ndi ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku KUHeS, ku LUANAR ku Bunda, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuni kapena ku yunivesite ya mpingo. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: anthu sapereka ndalama ku "laibulale", amapereka ku chinthu chodziwika dzina ndi mtengo, ndipo amaperekanso kachiwiri akaona kumene yoyamba ija inapita.

1. Pitani mukaione nokha, mukhale pansi ndi mkulu wake

Musayambe ndi kutsegula gulu la WhatsApp. Yambani ndi ulendo. Pemphani mkulu wa laibulale kuti akuyendetseni chipinda ndi chipinda, nthawi yoti mayeso ayandikira, pamene mavuto onse amaonekera poyera.

Imani pa shelefu ya mabuku amene amabwerekedwa kwa maola ochepa chabe. Tengani limene latha ngodya, lomatidwa ndi selotepu kumsana, masamba ake akuda ndi zala. Limenelo ndiye buku lofunika kuposa onse m'nyumbamo, ndipo funsani kuti alipo makope angati pa ophunzira angati. Yang'anani kudenga ngati pali zipsera za mvula. Weramani muone kunsi kwa mashelefu ngati chiswe chamanga njira zake. Werengani masoketi amene akugwira ntchito, muone ana angati akhala pansi pafupi ndi soketi imodzi kudikira kutchaja laputopu. Zozimitsira moto zimakhala ndi kapepala kosonyeza tsiku limene zinayesedwa komaliza, kawerengeni.

Kenako pemphani kulowa m'chipinda chimene amasungamo zolembedwa za dziko lino, zimene ku Zomba amazitcha Malawiana: malipoti akale a boma, nyuzipepala zakale, mapu, ndi kafukufuku wa ophunzira amene anamaliza maphunziro. Zambiri mwa izi kope lake ndi limodzi lomwelo. Buku la masamu likapsa mugula lina ku Johannesburg, koma kafukufuku wa nsomba za m'nyanja ya Chilwa amene wina analemba pa taipi mu 1978 akapita wapita.

Mukatero funsani funso ili mosazungulira: "Bwana, titakupatsani K5 miliyoni lero, mungayambire pati? Nanga itakhala K50 miliyoni?" Funso lomwelo mukafunsenso amene amakhala pa kauntala, ndi ophunzira angapo. Mayankho adzasiyana. Akuluakulu angatchule nyumba yatsopano, wa pa kauntala atchula makina okopera mapepala, ophunzira anena za magetsi ausiku. Onsewo akunena zoona. Chimene mukufuna pochoka ndi mndandanda wa zosowa, wolembedwa ndi a laibulale eni ake, chilichonse ndi mtengo wake.

2. Fufutani pa mndandandawo zimene zilipo kale zaulere

Gawo ili ambiri amalilumpha, n'kudzachita manyazi pamaso pa wopereka wodziwa zinthu. Pali zambiri zimene yunivesite ya ku Malawi siyenera kulipira.

Research4Life imalola mayunivesite oyenerera a m'mayiko osauka, Malawi ali momwemo, kuwerenga magazini ndi mabuku a kafukufuku masauzande ambiri osalipira. Muli Hinari ya zaumoyo, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, AGORA ya zaulimi ya FAO, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya zaluso ndi zotulukira, ndi GOALI ya zamalamulo. Chofunika n'chakuti sukulu ikhale yolembetsa ndipo ophunzira adziwe polowera. Palinso MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno umene unayamba mu 2003, umene umakambirana ndi osindikiza m'malo mwa onse kuti mtengo utsike. Pulogalamu yoyendetsera kabwereketsedwe ka mabuku yotchedwa Koha ndi yaulere, chimodzimodzinso DSpace yosungiramo kafukufuku pa intaneti.

Ndiye mungapeze kuti chosowa chenicheni si magaziniwo ayi. Mwina ndi chopereka cha pachaka cha ku MALICO chimene chatsalira, seva (kompyuta yaikulu yosungiramo zinthu) yoti DSpace ikhalemo, mabatire oti intaneti isamazime limodzi ndi ESCOM, kapena kuphunzitsa ophunzira mmene angafufuzire mu Hinari. Ndalama zochepa zoikidwa pamenepa zimatsegula zinthu zimene simukanazigula ngakhale mutasonkha zaka khumi. Wopereka mukamufotokozera zimenezi amakhutira msanga, chifukwa akuona kuti ndalama yake ikutsegula khomo la nyumba yodzaza kale.

3. Sankhani chinthu chimodzi, muchiikire mtengo weniweni

Komiti idzafuna kuchita zonse pakamodzi. Kanani. Chaka choyamba tengani ntchito imodzi imene ingathe m'miyezi 12 ndipo ingajambulidwe chithunzi ikatha: sola ya chipinda chowerengera usiku, sikana ndi munthu woti aike pa kompyuta kafukufuku yense wa ophunzira, kapena makope okwanira a mabuku 50 amene aphunzitsi anena kuti ndi ofunikitsitsa.

Tengani makotesheni atatu pa chilichonse. Apa samalani ndi nkhani ya dola. Mabuku a maphunziro, magazini a pa intaneti, masikana ndi mabatire, mitengo yake imatsatira ndalama yakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kutanthauza kuti bilu ya madola 10,000, imene dzulo lake inali K11.8 miliyoni, m'mawa mwake inali K17 miliyoni, pomwe ndalama za mu akaunti zili zomwe zija. Mu Meyi 2022 zinachitikanso, ndi 25 peresenti. Choncho lembani mtengo m'kwacha ndi m'madola, onjezerani kena kapadera kodzitetezera, ndipo ndalama ikakwana pa chinthu china gulani pompo. Kudikira kuti zonse zikwane kaye kuti mudzachite mwambo umodzi waukulu wopereka ndi kutaya ndalama.

Werengeraninso zosamalira. Mabatire a sola amatha mphamvu pakapita zaka, kompyuta imafuna wokonza, sikana imafuna munthu wolipidwa woigwiritsa ntchito. Katundu wopanda ndalama yomusamalira amathera m'chipinda chokhoma, atafundidwa nsalu.

4. Chilolezo, komiti ndi akaunti

Dzina la yunivesite si lanu, ndiye musasindikize kalata yopemphera thandizo akuluakulu asanavomere. Lemberani a Vice Chancellor kudzera kwa a Registrar, kalata ya mkulu wa laibulale ili pambali. Ngati pali bungwe la ophunzira akale lolembetsedwa kale, gwirani ntchito pansi pake m'malo moyambitsa lina. Zimapewetsa mikangano ya "ameneyu anamutuma ndani".

Nkhani imene muyenera kuimaliza musanalandire ngakhale tambala ndi yakuti ndalama zidzakhala kuti. Zikalowa mu akaunti yaikulu ya yunivesite popanda chizindikiro, tsiku lina pakadzagwa vuto la madzi kapena la malipiro zidzabwerekedwa, ndipo palibe amene adzakhale ataba, koma mabuku sadzagulidwa. Gwirizanani molemba kuti pakhale akaunti yapadera ya thumba la laibulale, kapena nambala yake yokha m'mabuku a ofesi ya zachuma, ndipo ndalamayo isatuluke popanda siginecha ya mkulu wa laibulale ndi ya msungichuma wa komiti yanu. Dziwaninso kuti ndalama ikangolowa m'manja mwa yunivesite ya boma, kagulidwe ka katundu kamatsata malamulo a boma ogulira zinthu, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Magulu ena amasankha kugula okha katunduyo motsata mndandanda wa a laibulale n'kukapereka ngati mphatso. Njira zonse ziwiri n'zabwino, bola mugwirizane poyamba.

Komiti ikhale yaing'ono, anthu asanu kapena asanu ndi awiri. Msungichuma akhale munthu wodziwa za maakaunti, wosaopa kuuza wapampando kuti ayi. Osainira ku banki akhale atatu, awiri mwa iwo azisaina nthawi zonse. Nambala ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba ikhale yolembetsedwa m'dzina la gulu, osati foni ya mlembi. Ngakhale mlembiyo akhale mkulu wa mpingo, tsiku limene wina adzanong'oneze kuti "ndalama zija zikulowa m'foni ya uje", kusonkha kwatha.

5. Yambani mwakachetechete

Oyamba kupereka ndi a komiti, aliyense monga mwa thumba lake, koma pasapezeke wopereka ziro. Simungapemphe mnzanu chimene inu simunachite.

Mukatero lembani mayina a anthu 30 kapena 40 amene angathe kupereka ndalama yooneka: amene munaphunzira nawo ndipo lero ali ndi makampani, maloya, madokotala, akuluakulu a mabanki, aphunzitsi opuma. Pa dzina lililonse lembani munthu wa m'komiti amene amadziwana naye bwino. Amenewa sapemphedwa pa gulu, amayenderedwa. Tiyerekeze kuti mukufuna K40 miliyoni. Musayembekezere kuti idzachokera kwa anthu 4,000 opereka K10,000 aliyense. Yesetsani kupeza awiri a K5 miliyoni, khumi a K1 miliyoni, ndipo theka lotsalalo ndiye lichokere ku khamu. Lengezani poyera pokhapokha gawo labwino litapezeka kale. Munthu akamva kuti "tapeza kale K18 miliyoni, yatsala K22 miliyoni" amatulutsa foni. Akamva kuti "tikuyamba kumene" amati tiona kaye.

6. Kapemphedwe kake

Mukapita kwa munthu, pitani awiri, mmodzi akhale wa ku laibulale. Tengani pepala limodzi lokha: vuto, chimene mugule, mtengo, tsiku lomaliza, nambala ya akaunti. Tengani ndi buku lomatidwa selotepu lija, mumugwiritse m'manja. Mukatha malonje ndi kukumbutsana za ku hostel, nenani chimene mwabwerera, ndipo tchulani nambala:

"Achimwene, sitinabwere kudzangocheza. Chipinda chimene munkawerengeramo chija chimatsekedwa magetsi akazima. Sola yake ndi K12 miliyoni. Tikupempha kuti inu mutithandize ndi K2 miliyoni, kaya pakamodzi kaya kanayi."

Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene ambiri timalephera, timachita manyazi n'kuyamba kudzichotsera tokha kuti "komabe chilichonse chimene mungakwanitse". Musiyeni munthu aganize. Akati ndiganizire kaye, funsani tsiku loti mudzaimbe foni, ndipo tsikulo imbanidi.

Ku makampani, monga mabanki, a mafoni, a shuga ndi a tiyi, fufuzani kaye kuti chaka chawo cha zachuma chimayamba liti, chifukwa ndalama zothandizira anthu amazigawa pokonza bajeti, ndipo wofika mochedwa amauzidwa kuti abwere chaka chamawa. Alumikizeni ndi phindu lawo lomwe: kampani yolemba ntchito mainjiniya ili ndi chifukwa chofunira kuti ophunzira a ku MUBAS awerenge mabuku atsopano. Ambiri amafuna dzina lawo lionekere. Palibe cholakwika kuika chikwangwani pa khomo la chipinda, koma gwirizanani ndi yunivesite kuti dzina limaperekedwa pa ndalama zingati ndiponso kwa zaka zingati.

Kwa khamu la ophunzira akale, njira yogwira ntchito ndi ya makalasi. Pezani munthu mmodzi m'chaka chilichonse, iye ndiye alankhule ndi anzake m'gulu lawo. Uthenga ukhale waufupi:

"Anzanga a 2004, kalasi yathu yapatsidwa shelefu ya mabuku a zaulimi: mabuku 20, K3 miliyoni. Tilipo 60 pagulu pano, ndiye ndi K50,000 aliyense, mutha kupereka kawiri. Nambala ndi iyi. Lachisanu lililonse ndiziika pano mndandanda wa amene apereka. A 2003 afika kale theka."

Chiganizo chomalizacho chimagwira ntchito kuposa zonse zapamwambazo.

7. Abale athu a kunja

Ophunzira akale ambiri ali ku South Africa, ku Britain, ku Ireland ndi ku America, ndipo ndalama yawo ndi imene mukuifuna kwambiri chifukwa ili kale m'ndalama zimene mabuku amagulidwira. Nthawi zina nzeru ndi yakuti isabwere n'komwe ku Malawi: gulu la ku Britain lilipire lokha bilu ya osindikiza kapena ligule sikana komweko, m'malo mosintha mapaundi kukhala kwacha kenako n'kukaima pamzere ku banki kupempha madola.

GoFundMe, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, salola kuti ndalama zitapidwe kudzera ku banki ya ku Malawi, ndiye pamafunika munthu wokhala m'dziko limene amalola. Munthu ameneyo asankhidwe ndi gulu, ndipo ena awiri aziona nawo zimene zikulowa. Ku Britain kuli ndondomeko ya Gift Aid: wokhoma msonkho kumeneko akapereka paundi imodzi ku bungwe lachifundo lolembetsedwa, boma limawonjezerapo mapeni 25. Ngati abale akumeneko angagwirizane ndi bungwe lolembetsedwa lomwe limagwira kale ntchito ku Malawi, mapaundi 4,000 amasanduka 5,000. Opereka pang'onopang'ono angagwiritse ntchito Mukuru kapena WorldRemit, koma aliyense atumize umboni kwa msungichuma kuti dzina lake lilembedwe.

8. Kulembera mabungwe

Iyi ndi ntchito ya munthu mmodzi kapena awiri odekha, ndipo yankho limachedwa, choncho iyambike msanga. Press Trust imathandiza ntchito za maphunziro m'dziko muno. Beit Trust, imene inakhazikitsidwa mu 1906, imathandiza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi, ndipo maphunziro ndi gawo lalikulu la ntchito yake. Book Aid International ya ku London imatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi osindikiza, a zaumoyo ndi a maphunziro apamwamba ali momwemo. Pa zolembedwa zakale zimene zikuwonongeka pali Endangered Archives Programme ya British Library, imene imalipira ntchito yojambula zolembedwazo n'kuziika pa kompyuta, zenizenizo n'kutsala m'dziko mwawo; koma iwo amayang'ana zakale ndithu, osati kafukufuku wa zaka zaposachedwa.

Werengani malamulo a bungwe lililonse musanalembe, ndipo musatumize kalata imodzimodzi kwa onse. Ikanimo manambala a laibulale eni ake: ophunzira angati, mipando ingati, makope angati. Onetsani zimene mwasonkha kale nokha, chifukwa bungwe limakhulupirira anthu amene ayamba ndi thumba lawo.

Pali khomo lina limene lili pafupi koma silimagogodedwa. Aphunzitsi akamalemba mapempho a ndalama za kafukufuku wawo, angathe kuikamo mzere wa mabuku ndi magazini amene kafukufukuyo adzafune, n'kudzawasiya ku laibulale ntchito ikatha. Pemphani mpata pa msonkhano wa aphunzitsi mukanene zimenezi.

9. Big walk ndi dinner dance

Zochitikazi n'zabwino podziwitsa anthu, koma pa ndalama musazidalire. Mukachotsa za hotela, za bandi, zakudya, malaya ndi mafuta, chotsala nthawi zambiri chimakhumudwitsa, komiti itatopa miyezi itatu. Lamulo langa ndi ili: musalipire malo mpaka mutapeza kampani yolipira zonse zokonzekera, kuti tikiti iliyonse ikhale phindu. Pa tsikulo ikanipo perekaniperekani wa makalasi, woyendetsa mwambo aziitana chaka ndi chaka, ndalama ziwerengedwe pomwepo anthu akuona. Big walk imafuna kudziwitsa apolisi ndi khonsolo pasadakhale, ndipo mpikisano wa matikiti umafuna chilolezo.

10. Mphatso za mabuku: phunzirani kukana

Mukangolengeza, wina adzaimba foni mosangalala kuti ali ndi mabuku odzaza kontena ku America, mungolipira zotumizira. Imani kaye. Pemphani mndandanda wa mitu, olemba ndi zaka zosindikizira, a laibulale asankhe okha. Buku la zamankhwala la zaka 30 zapitazo ndi loopsa kwa wophunzira udokotala. Buku la malamulo a misonkho a ku Texas lilibe ntchito ku Zomba. Kontena imalipiridwa pa sitima, pa doko la Beira kapena Nacala, pa msewu, ndi kwa okonza mapepala a kasitomu. Ikafika, buku lililonse limafuna munthu wolilemba m'kaundula ndi malo pa shelefu. Ndalama yomweyo ikanagula mabuku ochepa amene aphunzitsi akuwafunadi. Ngati katundu wina akubweradi kuchokera kunja, yunivesite ilembere a MRA za msonkho katunduyo asananyamuke, osati ali kale pa chipata akuwerengedwa masiku.

Pokana musamunyoze munthu. Muuzeni kuti: "Zikomo kwambiri mayi, mtima wanu tauona. Laibulale ili ndi mndandanda wa mabuku amene ikusowa. Kodi tingakutumizireni kuti muone ngati ena mwa iwo muli nawo?" Ambiri amamvetsa, ena mpaka amagula limodzi la pa mndandandapo.

Mphatso imene simuyenera kuilola kudutsa ndi mapepala a aphunzitsi opuma ndi a malemu: zolemba za kafukufuku, makalata, zithunzi, matepi a zokambirana ndi akuluakulu a m'midzi. Mabanja ambiri amazisunga m'makatoni mpaka mbewa zitamaliza. Kawayendereni mwaulemu, ndipo pakhale kalata yosainirana yonena kuti zaperekedwa ku laibulale ndi amene angaloledwe kuziwerenga.

11. Lisiti, lipoti ndi zikomo

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Pa mwambo anthu amalonjeza mamiliyoni kamera ikuwayang'ana. Msungichuma akhale ndi mizere iwiri, wa zolonjezedwa ndi wa zolandiridwa, ndipo polengeza muzitchula zolandiridwa. Wolonjeza asaine kapepala konena ndalama ndi tsiku, ndipo musaitanitse katundu podalira lonjezo.

Aliyense wopereka alandire lisiti ndi uthenga wothokoza sabata isanathe, wa K2,000 chimodzimodzi wa K2 miliyoni. Mwezi uliwonse ikani pa magulu onse tsamba limodzi: zalowa zingati, zatuluka zingati, zagula chiyani, zatsala zingati, pamodzi ndi chithunzi cha sitetimenti ya ku banki. Amene sakufuna kuti dzina lawo lituluke alembedwe kuti "wokufunirani zabwino". Zinthu zikavuta, mtengo ukakwera kapena katundu akachedwa, nenani nokha anthu asanayambe kufunsa. Kumapeto kwa chaka pemphani wowerengera ndalama wa kunja kwa komiti aunike mabuku anu a ndalama. Mwa ophunzira akale simungalephere kupeza wochita zimenezi mwaulere.

M'buku lililonse logulidwa matani kapepala mkati mwa chikuto: "Mphatso ya kalasi ya 2004", kapena dzina la kholo limene munthu akufuna kulikumbukira. Jambulani tsambalo mumutumizire. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi a laibulale akuuzeni kuti mabukuwo abwerekedwa kangati, chipinda chausiku chalowa anthu angati, kafukufuku amene munaika pa intaneti watsegulidwa kangati. Manambala amenewo ndiwo adzakhale kalata yanu yopemphera thandizo chaka chamawa.

12. Za chaka chamawa zikonzedwe lero

Magazini a pa intaneti amalipiridwa chaka ndi chaka, mabuku amatuluka atsopano, ndiye msonkhemsonkhe wa kamodzi sukwanira. Pamene anthu akadali okondwa ndi ntchito yoyamba, apempheni asaine ku banki kuti ndalama yochepa izichoka yokha mwezi ndi mwezi. Anthu 300 opereka K10,000 pamwezi ndi K36 miliyoni pachaka, popanda hotela kapena bandi. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito pa yunivesite amene afuna angathe kudulidwa pa malipiro kudzera ku ofesi ya zachuma. Pa mwambo wa omaliza maphunziro ikani tebulo pakhomo ndi mafomu, makolo ali pomwepo.

Ena adzanena zokhazikitsa thumba losatha, loti ndalama zizisungidwa n'kumagwiritsa ntchito chiwongoladzanja chokha. Ganizolo ndi labwino, koma m'dziko limene mitengo imakwera msanga chonchi lifunika uphungu wa akatswiri a zachuma ndi chikalata cha malamulo chonena amene angakhudze ndalamazo. Musaliyambe chaka choyamba. Chimene mungachite panopa ndi kupatula gawo limodzi mwa magawo khumi a zonse zolowa kuti likhale la zokonza ndi zosamalira, ndi kufunsa yunivesite molemba ngati katundu mwagulayo walowa pa inshuwalansi. Kafukufuku amene mwaika pa kompyuta akhale ndi kope lina kunja kwa nyumba ya laibulale.

Pemphaninso akuluakulu a yunivesite alonjeze molemba kuti sadzadula bajeti ya laibulale poona kuti ophunzira akale ayamba kuthandiza, apo ayi mudzangokhala mukutseka dzenje limene ena akukumba mbali inayo. Ndipo popeza komiti imasintha, mlembi asunge failo imodzi, ya pepala ndi ya pa kompyuta, yokhala ndi mayina ndi manambala a opereka onse, makalata a mgwirizano, makotesheni, malisiti, ndi tsiku limene bilu iliyonse ya pachaka imayenera kulipiridwa. Failoyo iperekedwe kwa komiti yatsopano pa msonkhano womwe yasankhidwa, ndipo osainira ku banki asinthidwe mwezi womwewo.